Mphete 36

Lolemba, 18 Malichi 2019

Kwacha bwino, kamphepo kochokera kumtsinje. Ndafika kubwalo 6:40. Masokosi ochapa 94, ena asowa anzawo ngati masiku onse.

Lachitatu kukubwera azondi a matimu akuluakulu kudzaona ngati pakoleji yathu yaing'onoyi pali mnyamata woti angamulembe ntchito yosewera mpira wa ku America uno, wonyamula m'manja. Adzawakweza pasikelo, adzawadumphitsa, adzawanyamulitsa zitsulo, koma chimene amadzera kwenikweni ndi liwiro la mayadi 40. Mizere yake, woyambira ndi wothera, ndimajambula ndine kuyambira 1992.

Tayeza ndi Cleophus, mnzanga amene timagwira naye tcheni m'mbali mwa bwalo pamasewera onse apakhomo. Tcheniyo ndi ya mayadi 10, ndiye timaiyala kanayi panjira ya mphira yothamangirapo. Iye wayamba zake zija.

"Elbert, anthu anagula matepi oyezera kalekale. Iwe udakali kukoka unyolo ngati wandende."

Ndati tepi imatamuka, chitsulo sichinama.

Tcheni yanga ikuoneka bwino, sungadziwe kuti thirakita yotchetchera kapinga inaitafuna pa 27 Novembala, mpira utatha. Woyendetsa thirakitayo sindimutchula dzina, amavala nsapato zanga. Mphete 36 zinaphwanyika, mphete 36 ndinagula kusitolo ya zitsulo n'kulumikiza ndekha. Ndinawerenga katatu.

Penti isanaume wafika Bulu. Dzina lake ndi Kendarius Pettus, wonyamula mpira wathu wa zaka zinayi, koma chiyambire tsiku lija anakoka anthu atatu mpaka kukagoletsa, tonse timangoti Bulu. Wayenda njira yonse pang'onopang'ono, manja m'thumba.

"Bambo Elbert, simunandifupikitsireko pang'ono?"

Ndati mzere wanga sudziwa m'bale. Waseka. Mwana wabwino, zovala zakuda amaika yekha m'dengu.

Lachiwiri, 19 Malichi

Ndatulutsa buku lobiriwira kuti ndikonze mzere wa Bulu. Akhala nambala 42.

Lamulo la bukuli ndinalitulukira ndekha, ine wothera giredi 6. Kulemera kwa mnyamata m'mapaundi, kugawa ndi masekondi ake a mayadi 40. Akapitirira 47, adzasewera kwa akuluakulu. Akapanda kufika, akafune ntchito ina.

Mkazi wanga Vernell amaphika masamba ndi fupa la nkhumba, ine ndili pathebulo. Ndinalakwa kunena mokweza kuti mwa anyamata 41 ndalondola 34.

"Tawerengani bwino ndimve, bambo inu. Amene munati apita anali angati?"

7.

"Anapitadi angati?"

Mmodzi. Anasewera magemu atatu.

"Nanga amene munati sapita?"

34. Mmodzi yekha ndiye anandichititsa manyazi, Marcellus, anasewera zaka zisanu ndi chimodzi ndipo mpaka lero amanditumizira khadi la Khirisimasi lolembedwa 45.9 basi, nambala imene ndinamupatsa m'bukuli.

Vernell anavundukula poto, n'kunena osatembenuka: "Ndiye kuti mwa onsewo anapita awiri. Ine ndikanangoima pachipata n'kumauza aliyense kuti iwe supita, iwenso supita, ndikanalondola 39. Popanda wotchi."

Ndawerengera. Akunena zoona. Zaka 44 za ukwati, lero ndi pamene akundiuza.

Lachitatu, 20 Malichi

Tsiku la azondi. Abwera atatu, chaka chatha anali asanu. Anyamata oyesedwa anayi, koma atatuwo ndi zimphona za kutsogolo zimene liwiro lawo palibe amalifunsa. Aliyense amadziwa kuti anthuwa adzera Bulu.

Sikelo: 218. Kudumpha: mainchi 35. Chitsulo: ka 22. Zonse bwino.

Tisanayambe liwiro, mzondi wina wachinyamata anatulutsa tepi kuti ayeze njira. Bambo Dupree, mzondi wamkulu wa timu ina ya kumpoto amene wakhala akubwera kuno chiyambire tsitsi lake lili lakuda, anamugwira paphewa.

"Bweza m'thumba, mphwanga. Mzere wa Bambo Tibbs ndauyeza zaka 15, sunaphonyepo ngakhale chikhadabo."

Ndinatupa ngati nkhukundembo. Ndinayang'ana Cleophus kuti aone kuti ndamva.

Koyamba 4.67. Wotchi yanga, ya Dupree, ya wachinyamata uja, zonse zinagwirizana. Kachiwiri 4.69. M'chilimwe chatha pakapinga mwanayu ankapeza 4.55, 4.57. Lero amaoneka kuti akuthamanga chimodzimodzi, kungoti mzere sumafika. Azondi analemba, n'kutseka mabuku. Kutseka kumeneko ndimakudziwa. Dupree anandifunsa kumene angadye mlamba wokazinga wabwino asanalowe mumsewu.

Cha m'ma 2 Bulu anabwera kuchipinda changa cha katundu, thaulo lili m'khosi. Anakhala pabokosi la zisoti.

"Buku likuti chiyani, Bambo Elbert?"

Ndikanatha kunena kuti sindinawerengere. Koma ndinali nditawerengera kawiri, ndipo ine nambala ikakhala m'kamwa siikhalitsa. 218 kugawa ndi 4.67. Ndinati 46.7.

"Ndiye kuti 47 sindinafike."

Ndinati kwatsala 0.3 yokha.

"Chabwino, bambo." Anapinda thaulo, n'kuliika m'dengu, n'kutuluka.

Lachinayi, 21 Malichi

Bulu sanabwere kudzanyamula zitsulo. Koyamba m'zaka zinayi. Masokosi 92.

Lachisanu, 22 Malichi

Bulu wakhuthula loka yake, nambala 22. Wandibwezera nsapato zothamangira, saizi 11 ndi theka, zitapukutidwa bwinobwino. Dzina lake pachitseko cha loka wamatula yekha.

Akuti malume ake a Virgil amupezera malo pabwato lokankha mabaji, zimabwato zonyamula soya, pamtsinje. Likunyamuka Lolemba pa 1 Epulo, ndipo ukakwera umatha masiku 28 osaponda mtunda. Matimu akuluakulu amasankha anyamata pa 25 mpaka 27 Epulo, kenako amaimbira otsala kuti akayesedwe. Masiku onsewo iye adzakhala pakati pa madzi akumanga zingwe.

Kochi Ledbetter anayesa kumukakamiza pakhomo panga pomwe, mawu ali m'mwamba ngati nthawi zonse. Akuti wotchi sigwira munthu, akuti pali anyamata a 4.7 amene akudya bwino mpaka pano, akuti dikira mwezi umodzi wokha, mutu wako uli ndi madzi kapena? Bulu amangoti inde a Kochi, ayi a Kochi.

A Kochi atachoka anandiuza motsitsa: "A Kochi amandikonda, ndiye zonena zawo sindingazidalire. Inu mumangokonda manambala."

Ndikuganiza kuti amandiyamikira. Ndinathokoza. Ndakhala ndikuzitembenuza madzulo onse, sizikukoma mbali iliyonse.

Lamulungu, 24 Malichi

Kutchalitchi. Nyimbo 3, ulaliki mphindi 52.

Potuluka anandiimitsa Mlongo Pettus, mayi ake a Bulu, amene amagwira ntchito kufakitale ya nkhuku. Ndinakonzeka kulalatiridwa. M'malo mwake anatsegula galimoto n'kundipatsa payi ya mbatata, yofunda, m'mbale yawo ya galasi.

"M'bale Tibbs, zikomo pomuuza zoona mwana wanga. Ena akanamusunga ndi maloto mpaka zaka 30, mawondo atatha. Pabwato pali ntchito yeniyeni."

Ndinati ndi manambala chabe, mlongo, ine sindiwonjezera kapena kuchotsa.

Payiyo ndadya magawo atatu mwa asanu ndi atatu. Vernell limodzi.

Lachiwiri, 26 Malichi

Masewera oyeserera a anyamata a chaka chamawa, oyamba chaka chino. Tcheni yalowa m'bwalo koyamba chiikonzere.

Mpira unayambira pamzere wa mayadi 20 ndendende. Ine ndinabaya pamenepo ndodo ya mbali yanga ya tcheni, Cleophus n'kukoka yake kupita ku 30. Ndikuona waima, akuyang'ana pansi, akuyang'ana ine.

"Elbert, tcheni yako yakula. Ukuidyetsa chiyani?"

Ndodo yake inali itapitirira mzere wa 30 ndi chikhatho chathunthu ndi zala zina. Ndinati mizere ya bwaloyi ndi yokhota.

"Mizere unajambula wekha Lolemba, ndi waya woyezera wa akatswiri, osati ndi tcheniyi."

Tinayesa 30 mpaka 40. Chimodzimodzi. 40 mpaka 50. Chimodzimodzi. A Kochi anakuwa kuti madala awiri inu mukufuna ndalama yotayika kapena, tiyeni mpira uyambe. Cleophus anangopinda tcheni m'dzanja kuti ikwanire, masewera n'kupitirira.

Ine mpirawo sindinauone. Ndimangowerengera kanayi, kanayi, kanayi.

Lachitatu, 27 Malichi

Ndabwera nayo kunyumba tcheni, ndaiyala pakhonde, ndabwereka tepi ya Vernell yosokera. Inde, tepi.

Mphete yakale: inchi 1.
Mphete yatsopano: inchi 1 ndi kota.
36 kuchulukitsa ndi kota: mainchi 9.
Kuyala kanayi: mainchi 36.
Mainchi 36 ndi yadi imodzi.

Ndinaziwerenga katatu mphete zija mu Novembala. Kuyeza ngakhale imodzi, ayi. Zinali zonyezimira, zamphamvu, zokwana 36, ine n'kukhuta.

Masana ndinapita kunjira ya mphira ndi tepi yaitali ya aphunzitsi a masewera odumpha. Ndinawauza kuti ndikufuna kuyeza shelefu. Penti yanga ikadalipo, yoyera bwino, yowongoka ngati ya munthu wodziwa ntchito. Mayadi 41.

Munthu ali paliwiro lonse, yadi yomaliza imadya pafupifupi masekondi 0.10. Ndiye kuti Bulu anathamanga 4.57. 218 kugawa ndi 4.57 ndi 47.7. Anapitirira. Ngakhale m'buku langa lopusali anapitirira.

Cleophus anandipeza nditakhala pansi pamzere wothera. Ndinamuuza. Anavula chipewa, n'kukanda mutu, n'kuvalanso.

"Akudziwa ndani? Iwe, ine ndi tcheni. Tcheni silankhula, ine ndimaiwala msanga. Loweruka likubwerali akuti kugwa mvula, penti ipita."

Sanali kundiyesa, amandimvera chisoni. Akudziwa kuti chaka chamawa ndikupuma, ndipo a Kochi analonjeza kukhoma kachitsulo ka dzina langa pachitseko cha chipinda cha katundu. Ndakaganizira kachitsuloko kuposa mmene munthu wopemphera ayenera kuchitira. ELBERT TIBBS, 1988 mpaka 2020. Tsopano akhoza kuwonjezera pansi pake: sankadziwa kutalika kwa yadi.

Komanso mwina mwanayo ali bwino pabwato. Mayi ake atero okha. Mwa 41 anapita awiri. Ndinamuuza Vernell zonsezi mwadongosolo, mfundo ndi mfundo, iye akutsuka mbale. Sananditsutse. Anangopukuta mbale ya galasi ija n'kuiika patsogolo panga.

"Mbale ya eni ake iyi. Mukabweze nokha, m'manja mwawo. Ine sindipita."

Lachinayi, 28 Malichi

7:15 ndinali muofesi ya a Kochi, tcheni ili m'chidebe. Ndinakonzekera mawu usanafike m'mawa, koma nditalowa ndinangoika mphete ziwiri pathebulo, yakale ndi yatsopano, n'kunena kuti njira ija inali 41.

Anaziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anasiya kuseka n'kunena mawu asanu ndi awiri amene sindilemba m'buku lino. Pomaliza anati, "Elbert, iwe ndi amene umandidzudzula ndikachedwa ndi mphindi imodzi."

Ndinati ndi zoona, a Kochi, ndipo lero mwafika 7:09.

Anaimbira azondi onse atatu. Awiri sanayankhe. Bambo Dupree anayankha ali mumsewu, a Kochi n'kukweza mawu a foni kuti ndizimva, n'kundikankhira kuti ndinene ndekha. Ndinanena. Atamva, Dupree anafunsa:

"Bambo Tibbs, mukundiuza kuti ine ndinagwira mwana uja paphewa, n'kumuletsa kuyeza, pamaso pa anthu, chifukwa cha inu?"

Ndinati inde, bwana.

"Ndipo 4.67 ija ndinatumiza kale kwa mabwana anga, ndi dzina langa pansi."

Ndinati pepani, bwana.

Anapuma mwamphamvu. Akuti kungochotsa 0.10 papepala sangachite, nambala imene sanaione ndi maso salemba. Koma Loweruka akudutsa mumsewu waukulu kupita kwina, akhoza kupatuka 9 koloko m'mawa, mphindi 20 basi. Mnyamatayo akapanda kupezeka, nkhani yatha.

"Ndibwera ndi tepi yanga. Tcheniyo mukamangire galu."

Galu ndilibe.

A Kochi anafuna kumuimbira Bulu pompo. Ndinapempha kuti ndikamuuze ndine. Ndinapita 4 koloko, ndinapeza nyumba yotseka, oyandikana nawo akuti apita ndi amalume kukagula nsapato za pabwato. Mbale ndabwerera nayo.

Lachisanu, 29 Malichi

Ndamupeza Bulu pakhonde la mayi ake, 5:20 madzulo, mbale ya mlamba wokazinga ndi chigumu ili pamiyendo. Chikwama chomanga kale chili pakhomo, nsapato za mphira zatsopano pambali pake. Masaya adzadza. Masiku 9 osathamanga.

Mlongo Pettus anatuluka, ndinawapatsa mbale yawo, n'kupempha kuti akhale nawo amve. Ndinatulutsa mphete ziwiri zija. Ndinafotokoza kuyambira pa thirakita. Mawu anga ndi aang'ono kale, lero amachita kuwerama kuti andimve.

Bulu anatenga mphetezo, n'kuzigundanitsa m'dzanja.

"Ndiye kuti ndinathamanga 41."

Inde.

"Kawiri."

Inde.

"Bambo Elbert, masiku onsewa ndakhala ndikudzuka n'kumayang'ana miyendo yangayi, kuifunsa kuti inandithawa liti." Sanakweze mawu. Bola akanakweza. "Ndinakufunsani ngati mwandifupikitsira. Munati mzere wanu sudziwa m'bale."

Ndinati mzerewo sunadziwedi m'bale.

Apo anaseka pang'ono, mosafuna, n'kupukusa mutu. Ndinamuuza za Dupree, mawa 9 koloko. Anayang'ana mbale ya nsomba.

"Taonani mmene ndadyera. Ndikapita mawa n'kukapezanso 4.7 panjira yoona, ndiye kuti ndafa kawiri. Pano bola ndili ndi chonamizira." Kenako anafunsa funso lomwe lija. "Buku likuti chiyani?"

Nambala inali kale pamlomo, 47.7, ikukankha mano. Ndinaimeza. Ndinamuuza kuti bukulo lalondola 34 mwa 41, ndipo mayi a kunyumba kwanga, osagwira wotchi chibadwire, akanalondola 39. Ndinati buku lolembedwa ndi munthu wosadziwa yadi usalifunse za moyo wako. Chimene ndikudziwa n'chakuti mayadi 40 sunathamange pamaso pa anthu aja, ndipo wolakwa ndine.

Mlongo Pettus anakumbatira mbale yawo pachifuwa.

"M'bale Tibbs, payi yanga ija munadya?"

Yonse, mlongo.

"Ndinakuphikirani chifukwa ndimati mwandibwezera mwana. Virgil wachonderera anthu kuti malo aja apezeke. Akapanda kukwera Lolemba, akwera wina, ndipo sadzamuitananso."

Ndinati ndikudziwa.

Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana chikwama. Kenako anawerama n'kumulanda mbale ya nsomba, chidutswa chili m'dzanja, n'kulowa nayo m'nyumba. Sindikudziwa ngati kumeneko kunali kuvomera kapena mkwiyo chabe. Bulu sanalonjeze kanthu. Nsapato zake zothamangira ndinabwera nazo m'pepala, ndazisiya pasitepe.

Kunyumba Vernell wafunsa ngati mbale yafika. Ndati yafika. Wandiikira chigumu chachikulu.

Loweruka, 30 Malichi

Mitambo, koma mvula ya Cleophus sinagwe. Ndafika 6:30, ndafufuta mizere yanga yakale ndi burashi ya waya. Inakana kuchoka, penti ndinagula yabwino.

8:40 a Kochi, Cleophus, ine. Bulu kulibe.

8:56 Bambo Dupree, kapu ya khofi m'dzanja, moni wa mutu wokha. Anatulutsa tepi yachitsulo.

"Bambo Tibbs, gwirani uku, kopanda manambala."

Ndinagwada n'kugwira. Iye anayenda, n'kumata kansalu koyera pa 40. Kuchokera pakansaluko kukafika pa chipsera cha mzere wanga wakale panali mpata woti mwana angagonepo. Cleophus anauyang'ana, n'kuyang'ana kumwamba, n'kuyamba kuimba kanyimbo ka kutchalitchi chapansipansi.

9:03 kulibe. Dupree anayang'ana wotchi ya pamkono. A Kochi amayenda uku ndi uku akutafuna chipewa.

9:06 galimoto ya Mlongo Pettus inalowa pachipata cha katundu chimene n'choletsedwa, n'kuima pakapinga wanga. Amayendetsa okha, atavala kale yunifolomu ya kufakitale. Bulu anatsika nsapato zili m'manja.

"Pepani bwana, amayi amati ndiyambe ndamwa tiyi."

Sikelo: 223. Dupree anakweza nsidze. "Wadya chiyani, mwanawe?"

"Mlamba, bwana."

"Wa kuti? Kumene ananditumiza madala awa unali wouma."

Anadziwongola mphindi zinayi zokha, nthawi inalibe. 9:11 anaika dzanja pamzere. Ine ndinaima pothera pambali pa Dupree, wotchi m'dzanja, chala pabatani, monga ndachitira kwa anyamata 41. Dzanja lake litachoka pansi ndinadina.

Zotsatira sindikuzikumbuka bwino. Cleophus akuti ndinakuwa. Akuti ndinalumpha, n'kuthamanga m'mbali mwa njira kumka kukakumana naye, chipewa chitagwa, ndikuti bwera mwanawe, bwera, bwera Bulu, mpaka alonda a kuchipata anatuluka kudzaona. Ine amene a Kochi amati ndikamalankhula amayamba azimitsa fani. Sindikukhulupirira zonse, koma kukhosi kukuwawa.

Dupree anayang'ana wotchi yake, n'kulemba. Sanatseke buku. Anati abwereze. Anabwereza. Kenako anatembenuza bukulo kuti Bulu aone yekha: 4.58 ndi 4.60.

"Usamve zimene sindinanene," anatero. "Sindikuti tikusankha. Mwina palibe akusankhe. Koma mu Meyi timaitana anyamata ena kudzayesedwa masiku atatu, ndipo dzina lako ndilikankha. Foni ikamalira usakhale pakati pa mtsinje."

Bulu anayang'ana mayi ake. Iwo anali atatsamira galimoto, manja atapinda. Anatulutsa foni m'thumba la yunifolomu n'kutembenuka. Ndinangomva: "Virgil, ndine. Usayambe kukuwa, tamvera kaye."

9:24 Dupree ananyamuka, atapitirira mphindi zake ndi zinayi. Pokwera galimoto anandiponyera tepi ija. "Sungani. Ili ndi manambala kale, simufunika kuwonjezera."

Bulu anabwera akupuma, n'kundipeza ndayamba kale kugwedeza milomo. 223 kugawa ndi 4.58.

"Ayi, Bambo Elbert. Musandiuze." Anandipatsa nsapato. "Mundisungire mu loka 22. Lolemba 6 koloko ndikufuna zitsulo, mudzatsegule."

Ndafika kunyumba, ndavula jekete, Vernell akulipachika wamva chinthu cholimba m'thumba. Watulutsa wotchi. Inali ikuyendabe. Sindinadine pothera.

Waizimitsa yekha, 12:02, wavala magalasi, wawerenga mokweza: maola 2, mphindi 51, masekondi 6.

"Lembani m'buku lanu lija. Mugawe ndi 223 timve ngati apita."

Mzere 42 ndalembapo dzina ndi tsiku. Malo a nambala ndasiya. Ndadula kapepala komata pachitseko cha loka, ndalemba PETTUS ndi zilembo zazikulu, kali m'thumba la jekete pamodzi ndi makiyi. Alamu ya Lolemba ndaika 5:10.